Kodi nkhani yopeka youmbidwa pa mbiri yakale tingaidziwe bwanji kuti inafufuzidwa bwino?

Mayi wina wa ku Chadiza, amene ndi mphunzitsi wa pulayimale, watilembera motere: "Tili ndi kagulu ka anthu 12 kowerenga mabuku, ndipo timakumana kamodzi pa mwezi. Chaka chino tinagwirizana zowerenga nkhani zopeka zoumbidwa pa mbiri yakale. Buku loyamba, lonena za nkhondo ya Angoni ndi azungu, tinalisankha chifukwa anthu ambiri analiyamikira pa intaneti. Titafika pakati, anzathu ena, amene agogo awo anali nduna ya Chingoni, analitseka n'kunena kuti wolembayo sadziwa kanthu za Angoni, pamene ena anati bukulo n'lokoma ndipo zolakwikazo zilibe kanthu popeza ndi nthano chabe. Tinabalalika osagwirizana. Kodi posankha mabuku otere tikhulupirire maganizo a ndani? Nanga mwana wanga wa Giredi 12, amene akuphunzira histole, ndimulole kuwawerenga?"

Amayi, choyamba mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa zimene zinachitikazo sizikusonyeza kuti gulu lanu likupasuka ayi. Anthu amene amatsutsana pa buku mpaka mawu kukwera ndi anthu amene aliwerengadi, ndipo pa zaka zoposa 30 zimene ndakhala ndikuphunzitsa histole m'sukulu za sekondale kuno kum'mawa kwa Zambia, kalasi imene inkandidetsa nkhawa ndi ija imene aliyense ankangogwedeza mutu. Komanso mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Amene anati ndi nthano chabe ananena zoona, pakuti wolemba nkhani yopeka ali ndi ufulu woumba anthu amene sanakhaleko ndi kuika mawu m'kamwa mwawo. Koma anzanu amene anatseka buku aja sanalakwe, chifukwa wolemba akangotchula dzina la Mpezeni, mfumu yaikulu ya Angoni, kapena la Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, ndiye kuti wabwereka katundu wa eni, ndipo eniwo ali ndi ufulu woona ngati wawabwezera katunduyo ali bwino.

Vuto limayambira pakuti mafunso awiri osiyana timawaphikira mumphika umodzi. Funso lina ndi lakuti, kodi bukuli n'lokoma? Lina ndi lakuti, kodi dziko limene lili m'bukuli likufanana ndi dziko limene linaliko? Nyenyezi zimene anthu amapereka pa Goodreads kapena pa Amazon, ngakhalenso mawu oyamikira a pa Facebook, nthawi zambiri zimayankha funso loyambalo. Munthu amene wawerenga usiku wonse osagona, n'kugwetsa misozi pa tsamba lomaliza, amapereka nyenyezi zisanu ndi mtima woona, koma ngati sanapondepo ku Feni kwa Mpezeni kapena ku Mkaika kwa Undi, sangadziwe kuti wadyetsedwa nsima yamiyala. Ambiri mwa amene amalemba maganizo awo pa mabuku onena za Africa ali kutali ndi kuno, ndipo akalemba kuti buku linafufuzidwa bwino amatanthauza kuti iwowo aphunziramo zinthu zimene sankazidziwa, zomwe n'zosiyana ndi kunena kuti zinthuzo n'zoona. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti maganizo a owerenga muwataye. Ine ndimawagwiritsa ntchito, koma ndimadumpha onse oyamikira mopanda malire ndi onse otukwana, n'kufunafuna munthu amene akuloza chala pamalo, amene akunena kuti pamutu wakutiwakuti wolemba walakwitsa chaka, kapena wapatsa anthu a mtundu uwu mwambo wa mtundu wina. Munthu woteroyo, kaya akuyamikira kaya akudandaula, wakupatsani chinthu choti mukachiyese nokha. Ndimayang'ananso ngati wolankhulayo ndi wa kumalo kumene nkhaniyo inachitikira. Wowerenga mmodzi wa ku Lundazi amene akuti malo ndi anthu akuwazindikira amaposa owerenga zana a kutsidya kwa nyanja amene akuti nkhaniyo inawagwira mtima.

Buku likakhala m'manja mwanu, musayambire kutsogolo. Ine ndikaima pamene anyamata amayala mabuku akale pansi m'tauni muno, ndimatola buku, kulikuntha fumbi, n'kulitsegula kumapeto kwenikweni. Ndimafuna masamba awiri kapena atatu amene wolemba amalankhula m'mawu akeake, kufotokoza kumene anatenga nkhani, anthu amene anacheza nawo, ndiponso, chimene chili chachikulu koposa, malo amene iye wasintha mbiri mwadala. Wolemba amene akuvomera kuti munthu uyu ndamuumba ndekha, nkhondo iyi ndaisuntha ndi chaka chimodzi kuti nkhani iyende, ndimamukhulupirira kuposa amene akulumbira pachikuto kuti zonse ndi zoona. Kuti munthu adziwe kuti wasuntha chaka, ayenera kuti ankachidziwa chaka chenichenicho. Pano ndichenjezeko pang'ono za mabuku amene amayenda pa WhatsApp: kuwonjezera pakuti amamulanda wolemba thukuta lake, ambiri amafika masamba akumapetowa atadulidwa, motero mumatsala opanda chounikira.

Tsopano tifike pa muyeso umene inu a ku Chadiza muli nawo kale, womwe ndi mbiri ya kwanu konkuno. Pali zaka zingapo zimene zili ngati nsanamira za nyumba, ndipo wolemba amene wazigwedeza ndiye kuti sanakumbe mozama. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo chaka chimenechi timachidziwa motsimikiza chifukwa akuluakulu ankasimba kuti tsiku lowoloka kunada masana, ndiye akatswiri atawerengera anapeza kuti kadamsana anachitikadi mwezi umenewo. Nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi Angerezi inafika pachimake mu Januwale 1898, pamene asilikali ochokera ku dziko limene lero ndi Malawi anabwera ndi mfuti za Maxim, ndipo amene anatsogolera ankhondo a Chingoni anali Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anawomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Magwero mu 1899, nkhondo itatha kale. Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, pamene chigawochi chinaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia n'kukhala Northern Rhodesia. Choncho buku likakuonetsani mnyamata wa Chingoni akuphunzira kuwerenga ku Magwero nkhondo isanayambe, kapena munthu wa mu 1910 akupita ku Lusaka kukadandaula ku boma, pamene Lusaka inakhala likulu mu 1935, dziwani kuti wolembayo anangomva mayina. N'chimodzimodzinso ndi ndalama. Kwacha ndi ngwee zinayamba mu 1968, ndipo agogo athu amene ankapita ku Salisbury, kumene iwo ankati ku Halale, ankabwerako ndi mapaundi, masheleni ndi matiki.

Komabe zaka zokha sizikwanira, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Masiku ano aliyense angathe kupeza zaka pa foni m'mphindi zochepa, motero buku lingathe kukhala ndi zaka zonse zolondola koma anthu ake ali a lero amene angovala zikopa. Chimene chimandiuza kuti wolemba anakhaladi pansi ndi akulu ndi momwe anthu a m'nkhaniyo amaganizira, zimene amaopa, ndi amene amamumvera. Taganizirani za ukwati ndi ufumu. Kwa Achewa mwamuna ankapita kuchikamwini, ana anali a mbumba ya mayi wawo, mawu aakulu pa mwana anali a amalume ake, ndipo mpando wa mfumu unkapita kwa m'bale wake kapena kwa mwana wa mlongo wake. Kwa Angoni ng'ombe za malowolo zikalowa m'khola, mkazi ankapita kwa mwamuna, ana n'kukhala a bambo, ndipo ufumu unkatsika kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana. Wolemba amene akuonetsa mfumu ya Chichewa ikuuza mwana wake wobereka yekha kuti mpando uwu udzakhala wako, popanda wina aliyense m'mudzimo kudabwa, ndiye kuti nkhani yake anaibwereka kwina n'kungoipaka mayina athu.

Wolemba amene anafufuza mozama amapitirira pamenepo. Iye amadziwa kuti Angoni a Mpezeni asanakhazikike kumapiri a Chipata anakhala zaka pakati pa Ansenga, kuti anakwatira akazi ambiri a Chinsenga ndi a Chichewa, ndipo kuti ana anayamwa chilankhulo cha amayi awo mpaka Chingoni chenicheni chinatsalira makamaka m'nyimbo za ingoma ndi m'mawu otamanda mafumu. Akadziwa zimenezi amaona pamene pali nkhani yeniyeni: mwana wobadwa kwa bambo wa Chingoni ndi mayi wogwidwa kunkhondo, amene mwambo wa bambo ukuti ndi wa kuno, pamene amalume ake, ali m'linga kutsidya kwa phiri, akuti ndi wathu. Buku limene likumva ululu wa mwana ameneyo ndimalikhululukira ngakhale litaphonya chaka chimodzi, koma limene lili ndi zaka zolondola n'kumaonetsa Angoni onse ngati anthu a magazi amodzi ochokera ku Zululand silinawadziwe anthu amene likuwanena.

Ndikuuzeni cholakwa changa, chifukwa chikukhudza funso lanu la mwana. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinawerenga buku la Thomas Mofolo lotchedwa Chaka, lonena za Shaka mfumu ya Azulu, limene linasindikizidwa m'Chisotho mu 1925, ndipo linandigwira mtima kwambiri. Pophunzitsa za Mfecane, nkhondo zija zimene zinachititsa Zwangendaba kuchoka kum'mwera, ndinasimbira ana nkhani ya Noliwa, mkazi amene Chaka wa m'bukulo anamukonda n'kumupha kuti apeze mphamvu. Ana anamvetsera ali chete, ena pakamwa pali yasa. Chimene sindinawauze n'chakuti Noliwa ndi sing'anga Isanusi ndi anthu amene Mofolo anawaumba yekha. Pa mayeso a kumapeto kwa teremu ndinapeza mtsikana wina wanzeru kwambiri atadzaza theka la tsamba ndi imfa ya Noliwa monga chimodzi mwa zochitika za ulamuliro wa Shaka. Ndinagwira cholembera chofiira kwa nthawi yaitali osalemba kanthu, chifukwa wolakwa ndinali ine. Bukulo ndi lapamwamba ndipo mpaka lero ndimalilemekeza, pakuti limafukula bwino lomwe momwe njala ya ulamuliro imadyera munthu, koma silinalembedwe kuti likhale buku la histole, ndipo udindo wonena zimenezi kwa ana unali wanga.

Palinso chinthu china chimene owerenga ambiri sachiganizira, chakuti wolemba angathe kufufuza mwakhama koma n'kumwa pachitsime chimodzi chokha. Zambiri zolembedwa za dera lathu zinalembedwa ndi alendo. Mpwitikizi António Gamitto anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa pa ulendo wa 1831 ndi 1832 wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, Angoni asanafike, ndipo zimene analemba ndi chuma chachikulu kwa aliyense wofuna kudziwa momwe makolo athu ankakhalira nthawi imeneyo, komabe ankaona ndi maso a msilikali wa Chipwitikizi. Ku National Archives of Zambia ku Lusaka kuli mabuku aakulu a maboma, otchedwa District Notebooks, m'mene ma DC ankalembamo mibadwo ya mafumu ndi mbiri za mitundu. Nditatsegula limodzi koyamba, n'kuona inki yofiirira ndi mayina a mafumu athu olembedwa mopotoka, ndinakumbukira kuti mawu amenewo anadutsa m'kamwa mwa womasulira, mesenjala ataima pambali, ndipo wofunsayo anali yemweyo wotolera msonkho. Munthu wofunsidwa motero amasankha choti anene. Pambuyo pake kunabwera ofufuza ngati J. A. Barnes, amene anakhala pakati pa Angoni a Mpezeni m'zaka za m'ma 1940 ndipo buku lake la mbiri yawo linatuluka mu 1954. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ntchito ya anthu amenewa sitingaitaye, koma wolemba nkhani amene wawerenga zimenezi zokha, osakhalapo pamphasa ndi agogo, buku lake limamveka ngati lipoti la boma.

Mbiri ya pakamwa nayonso ili ndi mbali yake. Nkhani ya kufika kwa Angoni imasimbidwa mwina ku Mtenguleni pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala, imasimbidwanso mwina ku Mkaika pa mwambo wa Achewa wa Kulamba, ndipo banja lililonse lachifumu limakumbukira bwino zimene zimalimbitsa mpando wake. Ngakhale Samuel Josia Ntara wa ku Malawi, amene ndimalimbikitsa gulu lililonse lowerenga Chichewa kuti liyambire pa iye, ayenera kuwerengedwa ndi maso otsegula. Buku lake la Nthondo, la mu 1933, limatsata moyo wa Mchewa kuyambira kubadwa mpaka imfa, ndipo mudzi wake umanunkhira utsi weniweni chifukwa wolembayo anakulira m'moyo womwewo ndiponso anacheza ndi akulu, monga anachitira polemba Mbiri ya Achewa. Koma Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo njira imene nkhaniyo ikulowera, yothera ku Chikhristu, ikusonyeza kumene iye anaima. Zimenezi sizichepetsa bukulo. Zikungotikumbutsa kufunsa nthawi zonse kuti wolankhulayu waima poti.

Ngati mukufuna kuona momwe wolemba wa masiku ano angagwirire bwino ntchito imeneyi, gulu lanu liyese buku la Petina Gappah wa ku Zimbabwe, Out of Darkness, Shining Light, la mu 2019. Likunena za anthu amene ananyamula mtembo wa David Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873 mpaka kukafika nawo kugombe ku Bagamoyo. Osimba nkhaniyo ndi Halima, amene anali wophika, ndi Jacob Wainwright, ndipo onsewa analikodi, mayina awo amapezeka m'zolembedwa za nthawiyo. Chimene zolembedwazo sizinasunge ndi zimene Halima ankaganiza ndi kulankhula, ndipo apo ndi pamene wolembayo analowetsa luso lake. Kwa ine imeneyi ndiyo ntchito yoyenera ya nkhani yopeka ya mtundu uwu: kusiya nsanamira pamene zili, n'kumata dothi m'mipata imene olemba mbiri anaisiya, makamaka mawu a akazi, a akapolo ndi a amtengatenga, amene palibe anawafunsa.

Choopsa chachikulu cha buku losafufuzidwa bwino si chaka cholakwika ayi, koma chidani chimene lingadzale. Buku limene likuonetsa mtundu umodzi ngati zilombo zokhazokha ndi wina ngati nkhosa zokhazokha likunama, ngakhale likome chotani. Angoni anathira nkhondo midzi ya Achewa, anthu n'kuthawira m'malinga ndi m'mapiri, ndipo zimenezi siziyenera kubisidwa, komabe ogwidwawo ambiri anasanduka Angoni ndipo ena anakwera mpaka kukhala nduna. Malonda a akapolo anali ndi Achikunda, Apwitikizi ndi amalonda a kugombe, koma analinso ndi mafumu a kuno amene ankagulitsa anthu. Ife a kum'mawa lero tinakwatirana, ndipo m'nyumba imodzi mumapezeka magazi a mbali zonse, choncho buku limene mwamaliza n'kuyamba kumuyang'ana mnansi wanu ndi diso lina muyenera kulikayikira. Chenjeraninso ndi mabuku amene amadzitama kuti akuulula zinsinsi za kudambwe. Zambiri zimene alendo analemba za Gule Wamkulu zinalembedwa ndi anthu amene ankafuna kuuthetsa, ndipo wolemba amene anafikadi kwa eni mwambo amadziwa pamene ayenera kuimira.

Za mwana wanu, muloleni awerenge, ndipo mumulimbikitse. Ana amene amawerenga nkhani zotere amalowa m'kalasi ali ndi njala, ndipo zaka zimakhazikika m'mutu mwawo chifukwa zili ndi nkhope za anthu. Chofunika n'chakuti akhale ndi kope laling'ono limene azilembamo dzina lililonse ndi chochitika chilichonse chimene wachipeza m'nthano, kenaka n'kuchifunafuna m'buku la sukulu. Chimene wachipeza m'mabuku onse awiri angathe kuchilemba pa mayeso a Examinations Council of Zambia, ndipo chimene chili m'nthano mokha apite nacho kwa aphunzitsi ake a histole asanachikhulupirire. Mayeso akayandikira kwambiri, mabuku a nthanowo ayambe apuma.

Pali nthawi zina zimene gulu lanu siliyenera kudzidalira lokha. Buku likakhudza za kulowa ufumu kapena malire a dziko la mfumu ina, musaligwiritse ntchito ngati umboni ndipo musafalitse zimene likunena, chifukwa milandu yotere ilipo mpaka lero ndipo eni ake ndi mabwalo a mafumu ndi makhoti. Mukafuna kugwiritsa ntchito nkhani ina pophunzitsa ana anu kusukulu, yambani mwaonana ndi mphunzitsi wa histole wa kusekondale yapafupi. Ngati wina pagulupo wagwidwa ndi chidwi chofuna kulemba nkhani yakeyake, ameneyo afunika kufika ku National Archives ndi ku laibulale ya University of Zambia, komanso kupita kwa akuluakulu a kumudzi kudzera kwa anyakwawa, modzichepetsa ndiponso osapita chimanjamanja. Za nkhondo ya 1898, ku Feni kuli nyumba yosungiramo zakale ya Nsingo, ndipo kuchokera ku Chadiza ndi ulendo woti mungapite n'kubwerako tsiku lomwelo.

Buku lija munalisiyira pakati musalitaye. Pamsonkhano wotsatira apempheni anzanu aja kuti abwere atalemba masamba atatu kapena anayi amene anawakhumudwitsa, afotokoze chimene chalakwika ndi amene anawauza zoona zake, ndipo ngati kwawo kukadali agogo amene angathe kuyenda, muwaitane adzakhale nanu tsiku limenelo. Muwawerengere ndime zimenezo m'chilankhulo chawo pang'onopang'ono, wina ali ndi kope m'manja kulemba zimene agogowo adzayankhe.